Tsiku limene lobedi ya amalume inakakamira pa njanji

Papita zaka ziwiri tsopano, koma ndikamadutsa pa njanji, ngakhale ndili pa kabaza, m'mimba mumandizizira. Mayi a kunyumba amati ndimadula nkhani pakatikati, maso ali uku ndi uku, mpaka tayala lakumbuyo litatsika pa chitsulo chachiwiri. Nkhaniyi ndaifotokozapo pa maliro, pa bawo, ngakhale kwa anthu amene sanandifunse. Lero ndati ndiilembe kuti ifike kwa anzanga oyendetsa mathiraki ndi amene amawaperekeza, chifukwa chimene tinalakwitsa tsiku lija ndikuchionabe chikuchitika m'misewu ya kuno ku Salima.

## Ganyu wa mbendera

Amalume anga anayamba kuyendetsa mathiraki ine ndisanalowe sukulu. Beira, Durban, Dar es Salaam, konseko anapondako. Atakula anasiya maulendo akunja n'kuyamba kuyendetsa lobedi, thiraki ija ya ngolo yaitali yotsika pansi imene imanyamula makatapila ndi zimakina zina zosatha kudziyendera zokha pa tala. Ine ndili ndi pikapu imene ndimanyamulira mpunga ndi simenti pa Kamuzu Road. Atandiimbira kuti pakufunika galimoto yoperekeza, ndinavomera foni isanatsike pakhutu.

Katundu wake anali katapila wofukula, wa matani oposa 20, wochokera ku Lilongwe kupita kumene ankakumba damu la mthirira chakumwera kwa boma la Salima, njira ya ku Chipoka. Matcheni ake oyendera anatulukira mbali zonse ziwiri za ngolo. Mapepala anali onse: chilolezo cha katundu wamkulu mopitirira muyeso, risiti ya pa sikelo, chikwangwani cha ABNORMAL LOAD kutsogolo ndi kumbuyo. Ine anandipatsa nyale yachikasu yoika padenga ndi mbendera yofiira.

M'mawa tisananyamuke, amalume anandiimika pambali.

"Iwe mphwanga, maso ako ndiwo maso anga. Uyang'ane mawaya a magetsi otsika. Pa mlatho wopapatiza uyambe wawoloka, uimitse obwera. Amaminibasi usalimbane nawo. Tikamatsika mapiri a ku Mvera usatalikire, komanso usayandikire."

Ananena za mbuzi, za ana a sukulu, za akabaza amene amalowa mumsewu osacheuka. Za njanji sanatchule. Pa chilolezo panalembedwa kulemera, kutalika, m'lifupi ndi msewu wodzera, koma inenso ndinachiwerenga osaona kuti pakusowa kanthu.

Tinatsika M14 bwinobwino, mwakachetechete ngati odwazika matenda. Pofika pa Kamuzu Road dzuwa linali pamutu, ndipo wodziwa Okutobala wa ku Salima akudziwa chimene ndikunena. Tinakhotera mu M5, kenaka tinasiya tala n'kulowa msewu wafumbi wopita ku damu kuja.

## Pamene mimba inagunda

Njanji ya kuno imadutsa m'madambo, choncho m'malo ambiri anaimanga pa mtumbira kuti madzi a dzinja asaikokolole. Msewu ukafika pamenepo umakwera, n'kudumpha zitsulo ziwiri zija, n'kutsika. Pa pikapu sumva kanthu, ndi kachitunda chabe. Ndinaima, ndinayang'ana uku ndi uku monga mwa masiku onse, ndinawoloka. Tsidya linalo ndinatsika m'galimoto n'kukweza mbendera kuti bwerani.

Dzanja limenelo linali langa. Ndine amene ndinawaitana.

Amalume anaika giya yoyamba. Hosi, mutu wa thiraki umene umakoka ngolo, inakwera, inadumpha njanji, inayamba kutsika. Matayala akumbuyo a ngolo anali asanayambe n'kukwera komwe. Ndiye panamveka phokoso limene sindidzaliiwala, chitsulo chikukhukhuluzika pa chitsulo, gwererere, kenaka zii. Thiraki yonse inagwedezeka n'kuima. Anaponda moto, matayala a hosi anangozungulira pamodzimodzi akutulutsa fumbi. Anayesa kubwerera m'mbuyo, osatheka. Mimba ya ngolo inali itakhala pa njanji ndi kulemera konse kwa katapila pamwamba pake.

Amene sanaonepo lobedi pafupi aganize za thabwa lalitali limene anthu awiri alinyamula motsitsa, wina kutsogolo wina kumbuyo, n'kumadutsa nalo pa chulu. Wakutsogolo akatsika chulu, wakumbuyo asanakwere, pakati pa thabwa pamagunda. Ngolo imeneyi anaitsitsa dala kuti katundu wamtali azidutsa pansi pa mawaya ndi milatho, moti pakati pa mimba yake ndi nthaka pamangokwana chikhatho chimodzi ndi theka. Chimene chimaipulumutsa ku mawaya ndi chomwecho chimene chimaikola pa njanji. Ndipo kachitunda kaja sikakhala chimodzimodzi chaka ndi chaka. Okonza njanji akathira miyala ya kwale, njanji imakwerako pang'ono. Mvula ikagwa, msewu wafumbi wa m'mbali umakokoloka n'kutsikako pang'ono. Amalume anati anadutsapo pomwepo ndi giredala zaka zinayi m'mbuyomo popanda vuto, ndipo ndikuwakhulupirira.

Posakhalitsa anthu anadzaza. Wina anabwera ndi makasu, wina matabwa a denga, anyamata anayamba kutuma anzawo miyala. Amalume anatulutsa jeke wamkulu n'kulowa naye pansi pa ngolo. Njira yachidule inali yoti katapila mwini atsitse chikho chake pansi, adzinyamule pang'ono kuti ngolo ipepukidwe. Koma woyendetsa katapila anali atatsogola pa minibasi m'mawa, makiyi ali m'thumba mwake. Tinatuma wa njinga yamoto kuti akamutenge ku damu.

Ndikukumbuka kuti munthu mmodzi anafunsa za sitima. Mnyamata wina anayankha kuti, "Aaa, sitima kuno imadutsa mwa apo ndi apo. Sabata ino sitinaimve." Tonse mitima inakhala pansi. Yankho limenelo tinalilandira chifukwa ndi limene tinkafuna kumva.

Ine ndinabwerera pa ntchito imene ndinkaidziwa. Ndinaima pamsewu ndi mbendera yanga, kuimitsa ngolo ya ng'ombe ndi njinga ziwiri zonyamula makala.

## Madala a ovolosi

Patapita mwina theka la ola, panafika bambo wina wachikulire akukankha njinga, atavala ovolosi yakale yofwifwa. Chimene chinandidabwitsa n'choti sanapereke moni. Munthu wamkulu wa kwathu kuno safika pagulu osati "zikomo", koma iwo anangogwetsa njinga pansi.

"Mwawauza a njanji?"

Panalibe woyankha. Amalume anasuzumira kuchokera pansi pa ngolo, nkhope ili thukuta ndi girisi.

"Madala, tichotsa pompano. Woyendetsa makina ali m'njira."

"Sindinafunse kuti muchotsa liti, bambo. Ndafunsa ngati a njanji akudziwa kuti njira yawo yatsekeka."

Kenaka anatembenukira kwa ine. Anayang'ana mbendera, anayang'ana ng'ombe zimene ndinaziimitsa zija.

"Mwana wanga, ng'ombezi zili ndi maso, ziima zokha. Amene akufunika mbendera imeneyi sali pamsewu pano."

Anandigwira paphewa n'kundilozera njanji cha ku Chipoka. Anati ndithamange mpaka nditasiya kuwaona, ndipo ndikasiya kuwaona ndithamangenso mtunda wonga womwewo. Ndisaime pakati pa zitsulo, ndiime pambali poonekera, ndipo ndikaona nyale ya sitima ndikupize mbendera ndi mphamvu zanga zonse osaleka. Anapempha mayi wina chitenje chofiira chimene anafunda, anachipereka kwa mnyamata wamiyendo yaitali n'kumuthamangitsira mbali ya ku Salima. Atatero anakalipira ana onse kuti achoke pa mtumbira, n'kutulutsa kafoni kawo ka mabatani kuyamba kufunafuna nambala ya mnzawo wakale. Pambuyo pake ndinamva kuti anagwira ntchito yokonza njanji zaka zambiri asanapume.

Kunena zoona, ndinanyamuka chifukwa cha ulemu basi. Munthu wamkulu akakutuma pagulu sukana. Mumtima ndinkati nthawi imeneyi bwenzi ndikuthandiza amalume kuika matabwa.

## Ndekha m'njanji

Kuthamanga m'njanji n'kovuta. Masilipa, zogona chopingasa zija zimene zitsulo za njanji zimakhalapo, anatalikirana moti phazi limodzi pa lililonse ndi pafupi kwambiri, kudumpha limodzi ndi patali kwambiri. Miyala ya kwale imagubuduka pansi pa nsapato, ndipo masana amenewo inkatentha ngati yochokera pa moto. Ndinathamanga, ndinayenda, ndinathamanganso. Pamene njanji inayamba kukhota, ndinacheuka ndipo katapila sankaonekanso. Ndinapitirira pang'ono, osati mtunda umene anandiuza. Panali mlambe pafupi, mthunzi wake unandikoka, ndinaima pomwepo.

Kunali zii. Kunkangomveka nyenje. Ndinakhala pamenepo mphindi mwina 20, ndikuyang'ana foni, ndikuganiza zobwerera.

Choyamba kumva sichinali injini. Zinali zitsulo zenizenizo, kakulira kakang'ono kosalekeza, ngati waya wa mpanda mphepo ikamawomba. Ndinaimirira. Kutali, mu nthunzi ya dzuwa ija imene imavinitsa zinthu, munaoneka nyale imodzi.

Sindikumbuka kuti ndinafika bwanji pambali pa njanji. Ndikukumbuka kuti ndinkakupiza mbendera ndi manja onse awiri, ndikukuwa mawu amene palibe akanawamva. Hutala inalira, yaitali. Kenaka mabuleki anagwira, kulira kwake kolasa m'makutu, ndipo mabogi anayamba kugundana limodzi ndi limodzi kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, gu, gu, gu, gu. Injini inandidutsa. Ndinaona nkhope ya dalaivala pawindo, akundiyang'ana, pakamwa pali yasa.

Ndiye apa ndi pamene pali nkhani yanga yonse. Sitima ija sinaime. Mabuleki anali atagwira, fungo la chitsulo chopsa linali ponseponse, koma inkangopitabe. Bogi linadutsa, lina linadutsa, lina linadutsa. Sitimayo sinkathamanga kwambiri ayi, pa tala galimoto ya liwiro limenelo ndikanaipitirira osaganizako. Koma inkapita ngati kuti palibe chimene chachitika, kulowera kokhota kuja, kumene amalume anga anali chigonere pansi pa ngolo ndi jeke.

Ndinaithamangira m'mbali mwake ndikulira ngati mwana. Ndinkadikira kumva kugunda.

Inaima injini itatulukira pokhota, lobedi ikuonekera patsogolo pake. Madala aja anayeza ndi mapazi awo pambuyo pake: mapazi 140 kuchoka pa mphuno ya injini kufika pa ngolo. Ine nditayang'ana pa mapu a pa foni tsiku lina, ndinapeza kuti mlambe uja uli pa mtunda wa mamita pafupifupi 600 kuchokera podutsira. Ndiye kuti sitima yoyenda pang'onopang'ono, dalaivala wake ali maso, masana dzuwa likuswa mtengo, inadya mtunda woposa mabwalo anayi a mpira isanaime.

## "Ine chiwongolero ndilibe"

Dalaivala wa sitima anatsika n'kuyenda mpaka pa lobedi. Ndinkayembekeza kuti atukwana. Sanatero. Anayang'ana pansi pa ngolo, anayang'ana khamu la anthu, anapukuta nkhope ndi chipewa, manja akunjenjemera. Anati uthenga wochokera ku foni ya madala aja unamupeza pa wailesi ataona kale mbendera.

Anawauza amalume motsitsa mawu kuti, "Achimwene, inu mukaona chinthu pamsewu mumakhota. Ine chiwongolero ndilibe. Ndikamanga mabuleki, chotsala n'kungoyang'ana."

Amalume sanayankhe. Anakhala pansi pa miyala yotentha ija, mutu uli m'manja. Munthu amene anadutsa Tete nthawi zovuta, amene sindinamuonepo akuopa kanthu.

Sitima inanyamula feteleza, poti inali nyengo yake. Ikanakhala ya matanki a mafuta, ndipo pakanapanda madala aja, sindikufuna n'kuganiza komwe za anthu amene anazungulira ngolo ija, ambiri mwa iwo ana.

Zotsatira zake sinditaya nazo nthawi. Woyendetsa katapila anafika, tinamasula maunyolo, anatsitsa chikho pansi n'kudzinyamula, tinalowetsa matabwa pansi pa matayala, ngolo inatsetsereka n'kuchoka. Sizinatenge mphindi 15. A njanji anabwera kudzayeza ngati zitsulo zapindika sitima isanaloledwe kudutsa. Apolisi analemba zolemba zawo. Tinafika ku damu kutada.

## Zimene ndinawerenga usiku

Tulo tinasowa masiku angapo. Ndinkangokhalira foni, kufufuza ngati zoterezi zinachitikirapo ena. Ndinapeza kuti ndi nkhani yakale, ndipo imodzi inandigwira kwambiri chifukwa ndinadzionamo.

Pa 6 Januwale 1968, pa mudzi wa Hixon ku England, thiraki inanyamula transifoma ya magetsi ya matani 120. Thiraki ndi katundu pamodzi zinkalemera matani 162, kutalika kwake mamita 45. Inali ndi antchito odziwa ntchito yawo, ndipo apolisi ankaiperekeza. Itafika podutsa njanji inatsitsa liwiro kufika pa makilomita atatu pa ola, kuti idutse mosamala. Pa liwiro limenelo inkafunika pafupifupi mphindi yathunthu kuti imalize kuwoloka. Koma zotchinga za pamalopo zinali zodzitsekera zokha, ndipo kuchokera pamene nyale zayamba kuthwanima kufika pamene sitima yothamanga yafika pankadutsa masekondi 24 okha. Sitima ya anthu yochokera ku Manchester kupita ku London inatulukira pa liwiro la makilomita pafupifupi 120 pa ola n'kuomba transifoma ija. Anthu 11 anamwalira, atatu mwa iwo ogwira ntchito m'sitimamo.

Chimene chinandipweteka n'choti foni inalipo pomwepo, pambali pa msewu, yolumikiza kwa woyang'anira mayendedwe a sitima. Panalinso chikwangwani chouza onyamula katundu wamkulu kuti ayambe aimba. Oyendetsa thiraki sanaimbe. Apolisi operekeza sanaimbe, anangowoloka n'kutsogola, monga mmene ndinachitira ine. Aliyense ankaganiza kuti poti mapepala alipo ndipo operekeza alipo, ndiye kuti wina wake anaiganizira kale njanji. Ngozi imeneyi itafufuzidwa, ku Britain anasintha zikwangwani ndi malamulo kuti woyendetsa galimoto yaikulu kapena yoyenda pang'onopang'ono aziima, aziimba foni, ndipo azidutsa pokhapokha ataloledwa. Pa Hixon penipenipo anadzamangapo mlatho.

Wina anganene kuti zimenezo ndi za 1968. Koma mu Disembala 2024, mu tauni ya Pecos ku Texas, sitima ya katundu inaomba thiraki yonyamula chitsulo chachikulu imene inali ndi magalimoto operekeza, ndipo antchito awiri a m'sitima anafa. Kumeneko n'ku America, kumene podutsa njanji amaikapo kachikwangwani ka buluu kokhala ndi nambala ya foni ndi nambala ya malowo, kuti wokakamira aimbe msanga.

Ndinatenga pensulo n'kuwerengera zathu. Lobedi ya amalume ndi hosi yake ndi mamita opitirira 20. Podutsa pa chitunda sangathamange, amayenda ngati munthu wapansi. Kuti mchira uchoke pa njanji pamafunika theka la mphindi, zonse zikayenda bwino. Sitima yoyenda makilomita 40 okha pa ola imadya mamita 11 pa sekondi iliyonse, ndiye pa theka la mphindi yayenda mamita oposa 300. Pamalo pokhota, kapena nthawi ya dzinja udzu ndi chimanga zitatalika, maso safika kumeneko. Kuima n'kuyang'ana uku ndi uku, kumene tonse tinaphunzira ku sukulu yoyendetsa galimoto, kumakwanira pikapu yanga imene imadumpha njanji pa masekondi atatu. Kwa lobedi sikukwanira ngakhale dalaivala atakhala wosamala chotani.

Ndipo sitima siima msanga pa chifukwa chomwecho chimene imanyamulira katundu wambiri ndi mafuta ochepa. Gudumu lachitsulo pa njanji yachitsulo limagunda pa kamalo kochepa ngati kandalama kachitsulo, ndipo limatsetsereka mosavuta. Tayala la labala limaluma tala. Chitsulo sichiluma chitsulo chinzake.

## Njanji yachete

Chimene ndaganizira kwambiri si mabuleki koma yankho la mnyamata uja, loti sabata ino sitinaimve.

Njanji inafika ku Salima mu 1935, ndipo mu 1979 inapitirira mpaka ku Lilongwe ndi thandizo la dziko la Canada. Agogo athu anakula nayo, ankadziwa nthawi poimva. Ife a m'badwo uno takula nayo mosiyana. Pakhala zaka zimene milatho inakokoloka sitima n'kusowa, udzu n'kumera pakati pa zitsulo, anthu n'kumayanika chinangwa pa mtumbira. Tinazolowera kuiona njanji ngati chinthu chakufa, ngati chitsime chakale. Kwa ine njanji yotere ndi yoopsa kuposa ya ku Nkaya kumene masitima aatali a malasha opita ku Nacala amadutsa tsiku ndi tsiku. Kumene sitima imadutsa kawirikawiri ngakhale mwana amaiopa. Kuno timaiiwala, ndipo sitima ya katundu ilibe nthawi yoikika imene munthu wa m'mudzi angaidziwe. Imabwera katundu akapezeka.

Pamene tikuiwala choncho, zinthu ziwiri zikukula nthawi imodzi. Masitima akubwerera, ndipo ndi bwino kuti abwerere, chifukwa feteleza ndi mafuta zodzera pa njanji zimapulumutsa misewu yathu. Nawonso makatundu akuluakulu akuchuluka. Amene tinali pano pomangidwa malo opangira magetsi a dzuwa a ku Nanjoka, a mamegawati 60, amene anayamba kugwira ntchito mu 2021, tinaona zimene zinkadutsa pamsewu. Onjezani mapaipi a madzi, makina a ku minda ya nzimbe, makatapila a misewu ndi madamu. Zambiri mwa zimenezi sizithera pa tala. Zimakhotera m'misewu yafumbi, kumene kulibe chotchinga, kulibe mlonda, kuli chikwangwani chopingasa chokha ngati sichinagwe.

Sindikuloza chala munthu, chifukwa dzanja limene linakweza mbendera linali langa. Koma ndikufuna kunena poyera chimene ndimakhulupirira. Chilolezo cha katundu wamkulu chimene chimafunsa za milatho ndi kulemera kwa ma ekiselo (zitsulo zogwira matayala) chiyeneranso kufunsa kuti mudutsa njanji pati, ndipo a njanji mwawauza kapena ayi. Ndiponso podutsira paliponse, ngakhale pa kamsewu ka ngolo za ng'ombe, payenera kulembedwa nambala ya foni yoti munthu aimbe ndi nambala ya malowo. Ndi utoto ndi chitsulo chimodzi basi. Tsiku lija tinali anthu oposa 40, mafoni ali m'matumba, koma amene anali ndi poyambira kuimba anali munthu mmodzi, ndipo anangopezeka kuti akudutsa.

## Mmene timayendera tsopano

Amalume sanaikambenso nkhaniyi, ngakhale kwa azakhali. Koma ulendo wotsatira atandiitana, anandipatsa chingwe chachitali ndi ndalama ya mafuta kuti ndipite dzulo lake ndikaone njira. Tsopano ndi mmene timachitira. Ndikafika podutsa njanji ndimapempha anthu awiri agwire chingwe, wina uku wina uko, motalikirana ngati matayala a hosi ndi a ngolo, pa msinkhu wa mimba ya lobedi. Chingwe chikakhudza njanji, ndiye kuti ngolonso ikhudza. Tikatero timafuna njira ina, kapena timapempha a njanji atiuze chochita, chifukwa kuthira dothi pa njanji mwa iwe wekha ndi kupalamula ngozi ina.

Ndimapitanso pa siteshoni ya Salima kukanena tsiku ndi malo, n'kutenga nambala. Tikafika timaima patali, ndimaimba, timadikira. Tikawoloka ndimaimbanso kuti tadutsa. Woyendetsa makina amakwera nafe, makiyi ali m'manja. M'pikapu mumakhala mbendera zitatu, ndipo tisanayambe kuwoloka ndimakhala nditasankha kale anthu awiri amene adzathamange zinthu zikavuta. Ndimawauza kuti ngolo ikangokhala pansi, asadikire kuona ngati jeke athandiza. Foni ndi miyendo ziyambe, makasu abwere pambuyo.

Si onse amene amakondwa nazo. Bwana wina amene tinamunyamulira makina anandiimbira kanayi tili chiimire, akuti ola lililonse katapila akakhala pa ngolo ndi ndalama yotayika. Sananame, ndipo ndikudziwa kuti madalaivala ambiri amawoloka mothamanga chifukwa cha mafoni otere, osati chifukwa chopusa. Tsiku limenelo tinadikira mphindi 50. Amalume anazimitsa injini, anatsika, anakhala pamthunzi n'kumasenda chinangwa chawo. Foni ya bwanayo itafika kwa iwo anangoti, "Bwana, tidutsa akatiuza," n'kuidula.

Madala a ovolosi aja ndinakawapeza patatha mwezi. Ndinafunsira kwa ogulitsa makala mpaka ndinafika pakhomo pawo, nditanyamula shuga ndi sopo. Anandilandira bwino, nthawi ino ndi moni wonse, anandipatsa mpando, anafunsa za amalume. Nditayamba kuthokoza anandidula.

"Unaima pati tsiku lija?"

Ndinati pa mlambe.

Anapukusa mutu. Anati mlambe uja amaudziwa, anadyerapo nsima kambirimbiri ali pa ntchito. Anati kuchokera ku Chipoka pamenepo njanji ndi yosatsetsereka, n'chifukwa chake zinatheka. Ikanakhala kuti sitima ikuchokera kumtunda, italemedwa, kapena kukanakhala kuti kwagwa kamvula zitsulo n'kunyowa, mamita 600 sakanakwana.

"Ndinakuuza kuti ukasiya kutiona uthamangenso mtunda womwewo. Pali kamlatho patsogolo pa mlambe paja. Unayenera kukaima pamenepo."

Pobwerera ndinasiya pikapu pamsewu n'kuyenda m'mbali mwa njanji mpaka ndinakapeza kamlathoko. Kuchokera pa mlambe ndinawerenga masilipa 580.